Tili Tonse, Koma Takhala Mbali ya Yani?

Kuno kwa Mlolo tadzuka bwino, kungoti dzuwa la kuchigwa likuwotcha monga mwa nthawi zonse. Lero mundikhululukire, pakuti nkhani imene ndabwera nayo ndi yowawa m'kamwa. Akuluakulu anati bongololo sadzolera mafuta pagulu, ndipo ine ndakalamba ndikulemekeza mwambi umenewu. Koma ndazindikira mochedwa kuti zina mwa zinthu zimene tinazivundikira ndi mwambiwu zinali misozi ya ana athu ndi ya alongo athu.

Pa Khirisimasi yapitayi kunabwera mdzukulu wanga wina, mnyamata wa zaka 26 amene amajambula zikwangwani ndi zithunzi za m'mabuku ku Blantyre. Iye ndi mnzake akukonza kabuku ka nkhani ya m'zithunzi, zija mumazitcha makatuni, koma ka anthu akuluakulu okhaokha. Nkhani yake ndi ya mayi wamasiye wa kuno kwathu amene abale a malemu mwamuna wake amulembera fisi kuti apite kufa, iye asakufuna. Madzulo ena tili pakhonde, mnyamatayu anatulutsa foni nandionetsa masamba amene amaliza. Pa tsamba lina mnzake uja anajambula usiku wa mwambowo osasiyako kanthu. Mayiyo anamujambula wosalala, wathupi lokongola, nsalu itagwa, ngati akazi aja amaikidwa pa zikwangwani zotsatsa sopo. Fisiyo anamujambula wamano akunja, maso ali tuzu, woseketsa, moti mdzukulu wanga yemwe anamwetulira pondionetsa.

Agogo anu aakazi atasuzumira anangoti, "Fufuta zimenezo, mwana iwe. Zamanyazi sajambula." Mnyamatayo anayankha mwaulemu ndithu nati, "Agogo, ichi ndi chithunzi chabe, palibe munthu amene wavulala apa. Komanso ife tikufuna kuti anthu aone kuipa kwa mwambowu." Onse awiri anatembenukira kwa ine kuti ndiweruze. Ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa ndinaona kuti sindikugwirizana ndi aliyense wa iwo. Zimene ndinalephera kunena bwino usiku umenewo ndi zimene ndikulemba lerozi.

Ndiyambe ndi mawu a agogo anu aakazi, chifukwa kwa zaka zambiri mawu amenewa anali anganso. M'zaka za m'ma 1980 ndinali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale kuno kuchigwa. Tsiku lina mphunzitsi wa Sitandade 7 anandibweretsera kope la mtsikana wina, mwana wofatsa, wokhoza masamu. Kumapeto kwa kopelo mwanayo anajambula ndi pensulo chimunthu chachikulu chitatseka pakhomo, dzanja lake litagwira pakamwa pa kamunthu kakang'ono. Mphunzitsiyo anati ndi zolaula, ndipo ine ndinavomereza. Ndinang'amba tsambalo mwanayo akuona, ndinamudzudzula kuti akuwononga kope ndi zauve, kenaka ndinamupatsa chilango chokumba dzenje la zinyalala. Sindinamufunse kuti chimunthucho ndi ndani. Teremu yotsatira sanabwerenso. Patapita miyezi ndinamva kuti ali ndi pakati, ndipo mwini pathupipo anali wachibale wamkulu amene ankamusunga. Nkhaniyo inathera m'nyumba, monga zinkathera nkhani zotere masiku amenewo.

Mwana uja analibe mawu onenera zimene zinkamuchitikira. Ife akuluakulu tinali titamuphunzitsa kuti mawu oterowo satuluka pakamwa pa mwana wamwambo. Iye anatenga pensulo nandilembera kalata m'njira yokhayo imene inamutsalira, ndipo ine, mphunzitsi wamkulu wa satifiketi ya ku koleji, ndinalephera kuiwerenga. Amati mlandu suwola. Zaka zoposa makumi atatu zapita koma tsamba lija ndimalionabe. Choncho munthu akandiuza kuti zamanyazi sajambula, ndimafunsa kuti manyaziwo ndi a ndani, ndipo akuteteza yani. Tsiku lija manyazi anga anateteza bambo uja.

Dziko lathu linayesapo kale njira yovundikira. Chiyambire 1968 takhala ndi lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi bungwe lounikalo linkaletsa mabuku ochuluka. Mu 1973 kunabweranso lamulo la kavalidwe, loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Kunja kunkaoneka koyera. Koma mtsikana wa kope uja anagwiriridwa m'zaka zomwezo, m'dziko limene munalibe makatuni olaula ngakhalenso masiketi aafupi. Amene amati tikangoletsa zithunzi nkhanza zitha, abwere adzafunse ife amene tinakhalamo m'nthawi yoletsa zonse.

Ndipo kukhala chete kwathu kunatibweretsera manyazi oposa aja tinkawathawa. M'mwezi wa Julayi 2016 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya Eric Aniva wa m'boma lathu lino la Nsanje, amene ananena ndi pakamwa pake kuti anagonapo ndi amayi ndi atsikana oposa 100 pa ntchito ya ufisi, chonsecho ali ndi kachilombo ka HIV. Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti amangidwe, ndipo mu Novembala chaka chomwecho khoti linamulamula kukakhala kundende zaka ziwiri akugwira ntchito yakalavulagaga. Anamuweruza potsata lamulo la 2013 la kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, limene limaletsa miyambo yovulaza, ndipo milandu imene anapezeka nayo wolakwa inali yokhudza amayi amasiye. Ambiri a ife tinakwiya poona dziko lonse lapansi likuyesa kuti Nsanje yense ndi mudzi wa afisi. Mkwiyowo unali ndi chifukwa chake. Komabe tivomereze kuti kupita kufa tinkakudziwa, tinkadziwa nyumba zimene kunkachitika, ndipo tinadikira mlendo wochokera kutali kuti anene zimene ife eni tinkanong'onezana. Kwa agogo anu aakazi ndinati: mwanayu asafufute nkhaniyi. Nkhaniyi ndi yathu, ndipo ndi bwino kuti aijambule mwana wa kuno amene akudziwa fungo la nthaka ino.

Tsopano nditembenukire kwa mdzukulu wanga ndi anzake onse amene amati chithunzi ndi chithunzi chabe. Ana inu, musanene mawu amenewa kwa munthu amene wagwira choko zaka makumi anayi. Chikanakhala kuti chithunzi chilibe mphamvu, ife aphunzitsi sitikanachezera usiku kujambula matchati a chiwindi ndi mapapo. A zaumoyo sakanamata zithunzi za udzudzu ndi chimbudzi pa makoma a zipatala. A ndale sakanataya ndalama kusindikiza tambala, chimanga kapena manja ogwirana pa nsalu zogawira amayi. Onsewa akudziwa kuti chimene chalowa m'diso chimakhazikika mumtima msanga kuposa chimene chalowa m'khutu. Inu nomwe mukuti mukufuna kabuku kanu kasinthe maganizo a anthu pa za mwambowu. Ngati kali ndi mphamvu yokonza maganizo, kalinso ndi mphamvu yowakhotetsa. Simungatamande mpeni kuti ndi wakuthwa posenda chinangwa, kenaka nkumati ndi wobuntha ukacheka chala.

Sindikunena kuti aliyense amene waona chithunzi cha kugwirira adzapita kukagwirira. Ndakhala ndi anthu nthawi yokwanira kudziwa kuti mtima wa munthu suyenda mophweka chotero. Chimene ndikuopa ndi chakuti chithunzi chimaphunzitsa munthu poseka ndi pokhala chete. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi pamsewu chifukwa chovala mathalauza ndi masiketi aafupi. Ovulawo anali ochepa. Oonerera, oimba mluzu ndi oseka anali ochuluka, ndipo iwowa ndi amene anapatsa ovulawo mphamvu. Wogwirira samakhala yekha. Amadalira mudzi umene udzaseke, umene udzati mkaziyo anafuna yekha, umene udzati tisamuwonongere tsogolo bamboyu. Chithunzi chimene chikusandutsa kugwirira kukhala nthabwala chikulera mudzi woterowo.

Pali vuto linanso limene wojambula makatuni ayenera kulidziwa. Ife tinakula tikuseka ndi Joza wa Vic Kasinja ndi Pewani wa Brian Hara m'nyuzipepala. Maso athu anazolowera kuti akaona munthu wa mphuno yaikulu ndi maso otuzuka, pakamwa payambe kumwetulira nkhani isanawerengedwe nkomwe. Mnzake wa mdzukulu wanga atajambula fisi uja mwa kajambulidwe komweko, anaitana kuseka pamalo pamene sipayenera kuseka. Ndipo pojambula mayi wamasiye ngati mkazi wa pa chikwangwani cha sopo, anaitana chilakolako pamalo a chisoni. Mayi amene waika mwamuna wake m'manda masiku apitawa sakhala wosalala. Amakhala wotuwa, maso otupa, wosagona tulo. Wojambulayo anati akudzudzula mwambo, koma dzanja lake linakonzera wowerenga mpando wabwino woonera, pambali pa fisi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo makolo athu anaidziwa kale. Kumbukirani mmene nthano imayambira. Wokamba amati "padangokhala," omvera nkuyankha kuti "tili tonse." Mawu amenewa ndi pangano lakuti kumene wokamba atitengere, tipita naye. Tsono kumbukirani nthano ija ya mtsikana amene anakana amuna onse a m'mudzi nakwatiwa ndi mlendo wokongola, osadziwa kuti ndi fisi. Nthano imeneyi ndi yoopsa, ndipo agogo athu sankaichepetsa. Tinkamva mmene afisi ankasonkhanira usiku kuzungulira nyumba, akupangana za tsiku lodya mkaziyo. Koma wokamba ankatikhazika pati? Ankatikhazika pamodzi ndi kamlongo kake ka mtsikanayo, kamene kanali maso usiku wonse kakumvetsera, mtima ukugunda. Palibe gogo amene anatikhazikapo pakati pa afisi kuti timve kukoma kwa nyama. Tinkachoka pamoto paja tili ndi mantha, ndipo manthawo ndi amene anali phunziro. Choncho funso langa kwa wojambula aliyense ndi lomweli: ukati padangokhala, ife nkuti tili tonse, watikhazika mbali ya yani?

Mtsutso umenewu uliponso m'maiko ena, ndipo ndi bwino kuti adzukulu mudziwe mmene anzathu alimbanirana nawo. Pa 7 Sepitembala 2008 nyuzipepala ya Sunday Times ya ku South Africa inasindikiza katuni wa Jonathan Shapiro, wodziwika ndi dzina lakuti Zapiro. Anajambula Jacob Zuma akumasula lamba, pamene atsogoleri anayi a mabungwe omuchirikiza atapanikizira pansi mkazi woimira chilungamo cha m'makhoti. Zuma, amene khoti linamupeza wosalakwa pa mlandu wogwirira mu 2006, anasumira wojambulayo nafuna chipukutamisozi cha R5 miliyoni, koma mu 2012 anausiya mlanduwo. Ambiri anatamanda Zapiro kuti walimba mtima pamaso pa munthu wamphamvu, ndipo ine sindikana kulimba mtimako. Koma kunali amayi ena a m'dzikolo amene anadandaula, ndipo ine ndili nawo. Mkazi wa m'chithunzicho analibe mudzi, analibe mbiri, anali chikwangwani chonyamulira mkangano wa amuna a ndale. Mayi amene zinamuchitikiradi, potsegula nyuzipepala m'mawa umenewo, anapeza tsiku loipitsitsa la moyo wake litasanduka fanizo la nkhani ina. Bala la mnzako suchitira mwambi iye ali pomwepo.

Ku America nakonso, mu 1988 kunatuluka kabuku ka makatuni a akuluakulu kotchedwa The Killing Joke, kolembedwa ndi Alan Moore. M'menemo chigawenga chimawombera mtsikana wotchedwa Barbara Gordon, kumulumaza, kumuvula ndi kumujambula zithunzi, cholinga chake chili chopengetsa bambo wa mtsikanayo. Kabukuko kanatchuka kwambiri, koma owerenga ambiri anafunsa chifukwa chimene thupi la mkazi linasandukira chida chozunzira mwamuna, nkhani nkupitirira ndi amuna okhaokha. Mu 2015 kampani yosindikiza inachotsa chikuto china chokumbutsa za nkhanza zimenezo, wojambula wake atapempha yekha pomva madandaulo a owerenga. Onani kuti patatha zaka 27 bala linali likadali losapola.

Koma ziliponso zitsanzo za njira ina. Ku India, mtsikana wina atagwiriridwa ndi gulu la amuna m'basi mumzinda wa Delhi mu Disembala 2012 mpaka kumwalira, anthu ena anakonza kabuku ka makatuni kotchedwa Priya's Shakti, kamene kanatuluka mu 2014. Mwini nkhani m'kabukuko ndi mkazi amene anagwiriridwa, abale ake namukana, ndipo wowerenga amayenda naye iyeyo kufikira atadzukanso nayamba kuyankhula pamaso pa anthu. Kuno kwathu, aphunzitsi a m'badwo wanga akukumbukira timabuku ta Sara timene bungwe la UNICEF linayambitsa mu 1996 m'maiko a kummawa ndi kummwera kwa Africa. Kena mwa timabukuto kankakamba za mwamuna wamkulu wandalama wotchera msampha mtsikana wa sukulu. Tinali ta ana, choncho sitinaonetse zambiri, komabe ana ankamvetsa bwino lomwe kuti choopsa chili pati, chifukwa nkhani yonse inkaonedwa ndi maso a Sara.

Kuchokera pa zonsezi ndinapatsa mdzukulu wanga mafunso atatu oti azidzifunsa asanaike cholembera pa pepala. Loyamba: kodi mkazi wa m'nkhaniyi ali ndi moyo tsambali lisanafike ndiponso litapita? Kodi tikudziwa munda wake, ana ake, zimene amakonda, zimene adzachite mawa kukacha? Ngati waonekera pa tsamba la nkhanza lokha, ndiye kuti wojambula wamugwiritsa ntchito monga momwe fisi anachitira. Lachiwiri: kodi diso la wowerenga likuloza pati? Likaloza pa thupi la mkazi, chithunzicho chikugulitsa thupilo, ngakhale mawu a pansi pake atadzudzula chotani. Nkhope ya munthu wamantha, dzanja logwira chitseko, nyali yozimitsidwa, zimenezi zimanena zoona zonse popanda kuvula munthu kachiwiri. Lachitatu: kodi ungathe kukhala pansi ndi mayi amene zinamuchitikira, nkumuonetsa tsambali uli kumuyang'ana m'maso? Ngati ungachite manyazi pamaso pake, manyazi amenewo uwamvere.

Mdzukulu wanga sanagonje msanga, ndipo ndimamunyadira chifukwa cha chimenecho. Anati, "Agogo, kabukuka ndi ka akuluakulu. Tidzalemba pachikuto kuti ana asawerenge." Ndinamufunsa kuti foni ya m'nyumba mwa amalume ake imagona m'manja mwa ndani. Kumudzi kuno foni imodzi imagwiridwa ndi bambo, mayi, ana ndi ana a oyandikana nawo. Chithunzi chikalowa pa WhatsApp chimasiya chikuto chake kumbuyo, chimasiyanso masamba ena onse amene ankachifotokoza, nkuyamba kuyenda chokha. Tsamba la usiku uja ndi limene lidzatumizidwe m'magulu a anyamata, pamene masamba odzudzula mwambo adzatsala osawerengedwa. Wojambula wa lero ajambule tsamba lililonse akudziwa kuti likhoza kuyenda lokha. Ndipo pa za ana ndinamuuza mosapita m'mbali kuti palibe luso kapena cholinga chabwino chimene chingalungamitse kujambula mwana m'njira yolaula. Malamulo a dziko akuletsa, kuphatikizapo lamulo la 2016 la za pa intaneti, ndipo chiyambire 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Anandifunsanso kuti, "Nanga ufulu wa wojambula uli pati? Kodi mukufuna tibwerere ku nthawi ya Kamuzu?" Ayi, sindikufuna. Ndinalipo pamene mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 nakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu, ndipo sindingapemphe kuti tsiku lotero libwerenso. Munthu wa boma wokhala ndi lumo lodulira masamba sasiyanitsa chithunzi chonyoza mkazi ndi chithunzi cha mtsikana wa kope uja. Amadula zonse, monga ndinachitira ine. Chimene ndikupempha ndi chovuta kuposa lamulo. Ndikupempha chikumbumtima cha wojambula, ndi pakamwa pa owerenga. Wojambula ali ndi ufulu wojambula, nafenso tili ndi ufulu womuuza kuti apa walakwa. Kumudzudzula sikumumanga. Amisiri ena a masiku ano akangofunsidwa funso amakuwa kuti akuponderezedwa, chonsecho mmisiri wosema mtondo amamva ndithu amayi akamuuza kuti mtondo wake ukutaya chimanga.

Ndinamulangizanso kuti asajambule nkhani ya amayi ali ndi mwamuna mnzake yekha. Amayi a dziko lino ali ndi pakamwa. Mu Okutobala 2019 amayi ndi atsikana a kwa Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu m'boma la Lilongwe anachitidwa nkhanza zogwirira ndi apolisi ena, ndipo 18 mwa iwo anapita kukhoti mothandizidwa ndi bungwe la maloya achizimayi. Mu Ogasiti 2020 khoti lalikulu linalamula kuti apatsidwe chipukutamisozi. Amayi a kumudzi amenewa anaima pamaso pa dziko nafotokoza zimene zinawachitikira. Ngati iwo anatha kutero, anyamata awiri a ku Blantyre angalephere bwanji kupempha amayi ochepa kuti awerenge masamba awo asanawasindikize? Mutu umodzi susenza denga, makamaka denga la nyumba imene sunagonemo.

Tsono za kusowa mtendere kumene munthu amamva poona zithunzi zotere. Achinyamata ena amayesa kuti ukanyansidwa ndiye kuti ndiwe wachikale, ndipo akuluakulu ena amayesa kuti chilichonse chowanyansa chiyenera kutenthedwa. Onsewa asokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Pali kunyansidwa kwa munthu amene waonetsedwa choonadi chimene ankachithawa, monga mmene ndinamvera ine poona kope lija. Kunyansidwa kumeneko ndi kwabwino, ndipo ndikanakhala nako pang'ono m'malo mothamangira kung'amba tsamba, mwina mwana uja akanamaliza sukulu. Palinso kunyansidwa kwa munthu amene wazindikira kuti akumuitanira kudzasangalala ndi tsoka la mnzake. Kumeneko ndi chenjezo lakuti wojambula wasokera. Malamulo athu amaika kugwirira m'gulu la milandu ikuluikulu, yoti munthu akhoza kukhala m'ndende moyo wake wonse. Chithunzi cha mlandu wotero chimene munthu angachiyang'ane mtima uli m'malo, kapena akumwetulira, chanama penapake.

Tsiku loti abwerere ku Blantyre, mdzukulu wanga anandifunsa kuti, "Ndiye agogo, tsamba la usiku uja ndijambulepo chiyani?" Ndinamuuza kuti chitseko achisiye chotseka, wowerenga adziwa yekha zimene zili mkati. Ajambule kunja kwa nyumbayo. Ajambule apongozi amene analamula, malume amene anawerenga ndalama za fisi, amayi achikulire amene anamuuza wamasiyeyo kuti akakana mudzi wonse udwala, ndi mwamuna wophunzira wa nyumba yoyandikana amene akumva zonse koma wakweza wailesi. Ndinamuuza kuti mwamuna ameneyo akamusowera nkhope, atenge yanga. Fisi tamujambula kokwanira, ndipo dziko lonse likudziwa dzina la mmodzi wa iwo. Amene sanajambulidwepo ndi ife amene tinkamutuma ndi ife amene tinkayang'ana kumbali. Kenaka ajambule m'mawa wake, mayiyo akutuluka, ndipo kuyambira pamenepo nkhani ikhale yake mpaka kumapeto.

Agogo anu aakazi sanasinthe maganizo kwathunthu. Akuti ngakhale chitseko chikhale chotseka, iwo kabukuko sadzakawerenga, ndipo ine ndikuwamvetsa, pakuti iwo aona zambiri zimene amuna sitinazione. Koma anamupatsa mnyamatayo mayina a amayi awiri a kumpingo amene angavomere kucheza naye, ndipo anamuuza kuti akapite ndi ulemu, akamvetsere koposa kuyankhula. Mnzake uja akuti akukanabe kusintha tsamba lake, poti ndi limene lidzagulitse kabukuko. Mwina akunena zoona pa za malonda. Ine ndamutumizira uthenga kudzera mwa mdzukulu wanga kuti fisi nayenso ankalandira malipiro.

Adzukulu anga, mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Mukalandira chithunzi chotere pa foni, musanatumize kwa wina, dzifunseni kuti chakukhazikani mbali ya yani. Ndipo inu aphunzitsi amene mukadali pa ntchito, mwana akajambula chinthu chokudabwitsani kumapeto kwa kope, musang'ambe tsambalo. Muitanireni pambali pali mphunzitsi wamkazi, mukhale naye pansi, mumufunse mofatsa kuti, "Mwanawe, uyu wamujambulayu ndi ndani?"

Mulungu akalola tidzakumananso ndi mwambi wina.